Chitseko cha Doña Uberlinda

Ndinatsegula holo yathu m'mawa wa Lachisanu, dengu la buledi lili m'chiuno, n'kupeza khoma loyera likundiyang'ana. Chitseko cha Doña Uberlinda chinali chitapita.

Ndinatula dengulo pansi bwinobwino. Ine ndine Nolfa Barría, ndimagulitsa buledi pakati pa masitepe a phiri la Jarcias, ndipo makiyi a holoyo amakhala m'thumba la epuloni yanga. Sindikuwa msanga. Ndimayamba ndayang'ana.

Mlendo wa ku Santiago, likulu la dziko lathu, akhoza kufunsa kuti chitseko n'chiyani. Ife tikudziwa. Ndili mtsikana, eni malo akafuna kugumula nyumba kuti amange hotela yoyang'ana kudoko, sankavutika ndi makhoti. Ankadikira kuti wokhalamo apite kuntchito kapena kumaliro, n'kutuma anyamata awo kukazula chitseko ndi kukachiponya kuchigwa. M'mawa mwake ankaitana woyendera nyumba wa ku khonsolo. Nyumba yopanda chitseko, yopanda moto m'kati, ankailemba kuti ndi bwinja, ndipo bwinja katapila amaligwetsa osafunsa munthu. Nyumba zathu zamalata n'zotsamirana ngati zidakwa zochokera kuukwati. Imodzi ikagwa, zinzake zimayamba kugwada.

Yoyamba kugwa inali ya mayi awo a Doña Uberlinda. Doña Uberlinda sanalire pagulu. Anatsikira kuchigwa kuja n'kukatola chitseko chawo, chabuluu, cha thabwa lolemera. Kuyambira pamenepo, nyumba iliyonse ikazulidwa chitseko, ankachimanga chingwe chawocho, n'kuchibereka kumsana, n'kukwera nacho mbandakucha. Anali kamayi kondilekeza m'phewa. Ukawaona chakumbuyo, unkangoona chitseko chikukwera phiri ndi timiyendo tiwiri. Woyendera uja pofika ankapeza khomo lotseka, utsi ukutuluka padenga, Doña Uberlinda akumufunsa ngati amamwa tiyi wa shuga. Anatero zaka ndi zaka, mpaka eni malo anatopa n'kupita kukagumula mapiri ena. M'mphepete monse mwa chitsekocho munatsala mabowo ngati mwadutsa anankafumbwe, poti felemu ya nyumba iliyonse inkafuna kuboola pena. Mabowo amenewo ndi mabanja amene akugonabe pa phirili.

Anamwalira chaka chatha, chitseko n'kutsala chitatsamira khoma m'holo yathu. Lachisanu limenelo tinkayenera kuchitsitsira pabwalo la m'munsi, kuchiimika pa chipilala cha simenti, m'kati mwa galasi, bandi ya malipenga ikulira.

Loko wa holo sanathyoledwe. Chikwangwani cha mkuwa cholembedwa dzina lawo chinali pomwe ndinachisiya, chikunyezimira, chikhalirecho mkuwa ndi umene akuba athu amayamba kuthamangira. Koma pawindo panasowa kanthu kena: chitini chakale cha mabisiketi, m'mene malemuwo ankasungamo mahinjesi adzimbiri, misomali yopota, chingwe chija ndi choboolera chopukusa ndi dzanja.

"Mayi Nolfa, mwachisuntha?"

Anali Don Heriberto Ossandón, wapampando wa komiti ya chikumbutso. Anabwera pa phiri lino zaka zochepa zapitazo, amagula nyumba zakale n'kuzikonza, ndipo ndi amene anagula simenti, galasi ndi bandi. Amayankhula ngati wailesi ya Lamlungu.

"Ndi dzanja liti?" ndinatero. "Chinthu chija n'cholemera ngati ng'ombe yakufa."

Anayang'ana khomalo, nkhope n'kusanduka phulusa.

"Chuma cha dziko! Cholowa cha mibadwo! Ndani winanso ali ndi kiyi?"

"Malemuwo anali ndi wawo."

"Ndiye kuti tsopano ali ndi mwana wawo uja." Anatulutsa foni. "Ndinanena ine. Nyumba za anthu olemera ku Santiago zimagula zitseko zakale ngati golide. Wagulitsa mayi ake kuti amwere."

Floridor ndi mwana yekhayo wa Doña Uberlinda, bambo wa imvi zoyambira m'makutu. Anakhalapo m'ndende chifukwa cha nthambo za mkuwa za kudoko, ndipo anamutulutsa ndi chenjezo: akangopalamulanso, abwerera kukamaliza zaka zonse zotsala. Ndinkafuna kunena kuti munthu wa mkuwa sangasiye mkuwa, koma Don Heriberto anali akuyankhula kale ndi apolisi.

Buledi wanga asanazizire, mawu anakwera masitepe kuchokera pakhomo kupita pakhomo. Floridor amugwira akusamba m'manja pampope. Phewa la malaya ake linali labuluu.

* * *

Kapolisi kathu kali m'mbali mwa bwalo. Sajeni Quilodrán ndi munthu wonenepa wa kummwera, amene amadana ndi masitepe athu kuposa mmene amadanirana ndi akuba. Ndinamuikira buledi awiri patebulo.

"Aneba, izi ndi ziphuphu."

"Ndi adzulo. Chiphuphu chikanakhala chotentha. Ndimuone."

Floridor anakhala pabenchi, manja ali m'maunyolo, akuyang'ana nsapato zake. Zinali ndi dothi lofiira.

"Iwe," ndinatero, "tsiku la mayi ako ndi lino?"

"Mwadzuka bwanji, azakhali?"

"Usandiphe ndi ulemu. Chili kuti?"

"Sindinabe."

"Nanga penti ali paphewayu? Wagona ndi nyanja?"

"Sindinabe, ndatero."

Sajeni anapukusa mutu, pakamwa pali buledi. "Chiyambire ndi nyimbo yomweyi. Unali kuti mbandakucha? Kuyenda. Ndi yani? Ndekha. Kiyi ali m'thumba mwake, penti ali pamalaya. Ine ndichite chiyani, aneba? Wapampando wadandaula. Galimoto ya kukhoti ifika masana ano, ndipo akangokwera, woweruza samufunsa n'komwe dzina."

Ndinawerama pafupi ndi khutu la Floridor. Sankanunkha vinyo. Ankanunkha thukuta ndi utuchi.

"Wamva? Ukubwerera kuja. Ukatuluka mano atatha. Tchula malo okha, ine ndikachitenge."

Anadzutsa mutu koyamba. Maso ake anali ngati a mayi ake, aang'ono, osaphethira.

"Azakhali, anthu onse atsika kale kubwalo?"

"Ambiri. Bwanji?"

"Musafufuze. Pitani mukamvere malipenga. Dzuwa likapendeka ndinena ndekha."

"Dzuwa likapendeka udzakhala uli m'galimoto, chitsiru iwe."

"Ndikudziwa," anatero, n'kuyang'ananso nsapato.

Munthu amene wagulitsa chinthu amanama. Amati anali kwa chibwenzi, amati anamunamizira. Uyu sankanama. Ankadikira, ndipo anali atavomera kale kulipira kudikirako ndi zaka za moyo wake.

* * *

Pabwalo mipando inali itayalidwa, oimba malipenga akupukuta zida zawo. Chipilala cha simenti chinali chitaima chopanda kanthu ndi galasi lake. Pambali pake panali tebulo lalitali la alendo, lofundidwa nsalu yoyera mpaka pansi, ndipo amene ankalikonza anali Rigo, wantchito wa Don Heriberto, mwana wa pa phiri pomwe pano, wa pakamwa posatseka.

"Doña Nolfa! Duwa la masitepe! Mwabwera kudzandivomera?"

"Ndinakukana uli ndi tsitsi. Unagona kuti?"

"M'lole umo, kulondera mipando. Msana wanga wasanduka chibakera."

Lole yake inali itatseka kukamwa kwa masitepe. Kupatula kanjira ka miyendo ka kumanda, palibe potsikira pena.

"Unaona chitseko chikutsika?"

"Ngakhale mphaka sanatsike. Ine ndimagona ngati kalulu wa m'khola, diso limodzi lili pamsewu. Chitseko chotere chikanandigunda galasi la lole. Ndawauza abwana, iwo akuti ndinaledzera. Ine? Ndi malipiro ake ati?"

"Agalu anauwa?"

Anakanda pamene panali tsitsi. "Mwatero, ayi. Phiri linali zii."

Agalu athu amauwa wansembe, amauwa wa magetsi, amauwa ngakhale nkhungu. Sauwa anthu amene amawapatsa makoko a buledi.

Ndinatenga ketulo ya tiyi n'kuiika chakumapeto kwa tebulolo. Inapendekeka, nsalu n'kulowa pansi ngati pali dzenje, tiyi pang'ono n'kutayika.

"Matebulo ako, Rigo! Ngakhale ketulo ikukana."

"Isunthireni uko, mayi. Tebulo la ulere silifunsidwa mafunso. Matabwa anachepa, ndiye ndinachita kusoka."

"Mwambowu sukanakhala Lamlungu, tsiku lenileni limene anamwalira? Bwenzi utakonza zinthu zooneka."

"Kawafunseni abwana. Ndiwo anaumirira Lachisanu. Akuti aliyense atsike, ngakhale wodwala, pasatsale munthu kumtunda, akuluakulu aone chikondi chathu."

Zimenezo ndinkazidziwa. Ndinali m'komitimo, ndipo ndinakweza nawo dzanja.

Ndinabwerera kuholo, koma ulendo uno ndinadutsa khomo lake n'kupitirira. Pamene masitepe amakhota, khoma la njerwa limatuluka ngati chigongono. Aliyense wonyamula bedi kapena bokosi la maliro amaligunda. Pa msinkhu wa phewa langa panali mzere wabuluu, watsopano.

Tonse, ndi apolisi omwe, tinkayang'ana kumunsi, kumene kuli malole ndi ogula. Chitsekocho chinali chitakwera.

* * *

Doña Clorinda amakhala pamwamba pa kukhotako. Anachapa zovala za amalinyero moyo wawo wonse, ndipo pa nthawi ya makatapila ndiwo ankayenda pambuyo pa Doña Uberlinda atanyamula chitini chija. Pano makutu awo amamva zimene asankha.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala kale diresi la ku tchalitchi. Fungo la mankhwala opaka mafupa linandilandira ndisanakwere sitepe yomaliza.

"Mwadzuka, mayi?"

"Mazira? Ndilibe."

"Ndati chitseko cha mnzanu chabedwa."

"Eya, mvula ikhoza kubwera."

Anafuna kunyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanja, nkhope n'kukwinyika, n'kusintha dzanja. Nsapato zawo zakale zinali kuseri kwa mtondo wa maluwa. Dothi lofiira, lomwe lija la Floridor. Pa phiri lonse dothi lotero lili malo amodzi, kanjira komaliza kumtunda kamene timakatcha Mchira.

"Mwachita chiyani ndi phewalo?"

"Ukalamba."

"Mwamva tsopano?"

Anaika kapu ija pansi.

"Floridor ali m'maunyolo," ndinatero. "Masana ano amutenga. Mwana wa Uberlinda, tsiku la Uberlinda. Ngati mukudziwa kanthu n'kukhala chete, ndidzakuuzani zimenezi tsiku lililonse mpaka tidzakuikeni."

"Nolfa iwe," anatero ndi mawu osanjenjemera konse, "unali kamtsikana kochenjera. Makomiti akupusitsa. Ukudziwa mtengo wa galasi, ukudziwa nyimbo za bandi. Herminda unamuona liti?"

Doña Herminda amakhala yekha m'nyumba yapakati ku Mchira. Anagwa mwezi watha n'kuthyoka chiuno, ndipo chigonekereni kuchipatala ine ndinali ndisanakwereko.

"Ali kuchipatala."

"Iye ali kuchipatala. Nanga nyumba yake ili kuti?"

Sindinadikire kuti amalize tiyi.

* * *

Mchira uli pamwamba penipeni, pamene mphepo imakuvula mpango. Ndinafika mtima ukugunda m'makutu. Nyumba zonse zinali zotseka, eni ake atatsikira kubwalo. Paipi imodzi yokha ya padenga ndiyo inkatulutsa utsi.

Ndinaima.

Chinali pakhomo la Doña Herminda, chabuluu, chowongoka, chitakhala m'felemu ngati chinabadwira momwemo. Ndinali nditachipukuta fumbi m'holo muja chaka chonse, ndikuchiona ngati chithunzi cha munthu wakufa. Apa chinali china. Dzuwa linkalowa m'mabowo akale a m'mphepete aja, ndipo pakati pawo panali ena atsopano, oyera, utuchi wake udakali pansi. Ine sindine munthu wogwada wamba. Koma ndinakhala pa sitepe.

Ndinagogoda ndili chikhalire. Chinatseguka osalira. M'kati munali azimayi awiri apachibale a ku nyumba ya pakona, onse oyendera ndodo, akukazinga zitumbuwa za maungu pa mbaula ya Herminda. Mphaka wake anali pampando.

"Tinkayesa ndi wa ku khonsolo," anatero wamkuluyo. "Tseka, ukutulutsa fungo."

Doña Clorinda anafika pambuyo panga, akupuma sitepe iliyonse.

"Floridor ndiye amadyetsa mphakayu," anatero. "Dzulo madzulo wapeza khomo lili pululu, mahinjesi atazulidwa ndi chitsulo. Wabwera kwa ine akunjenjemera. Ndamuuza kuti usanjenjemere, izi tinaziona usanamere ndevu. Chitseko chikachoka lero, woyendera amabwera mawa, pa nthawi imene anthu kulibe. Ndiye ndakufunsa: ndi liti pamene phiri lonse lakhalapo lopanda munthu?"

Ndinakumbukira dzanja langa lili m'mwamba m'komiti muja.

"Munachinyamula bwanji?"

"Iye kumsana, ndi chingwe cha mayi ake. Ife atatu kukankha kumbuyo. Anagwa kawiri. Akuti, amayi ankatha bwanji okha? Ndati, ankatukwana njira yonse, iwenso tukwana."

"Osandiuza ine bwanji?"

"Iwe umakhala tebulo limodzi ndi bambo wonunkhira uja, ndipo nkhope yako sisunga kanthu. Akanadziwa, akanamubweza woyenderayo n'kudzayesanso tsiku lina. Tikufuna abwere, aone, alembe kuti muno muli anthu. Ndipo apolisi akadziwa msanga, achizula n'kupita nacho ngati umboni, khomo n'kutsalanso pululu. Mnyamatayo akudziwa zimenezo. Wasankha yekha."

"Mukuti ndi Don Heriberto?"

"Nyumbayi inagulidwa ndi kampani ya ku Santiago. Amene anabwera kudzayeza makoma ndi Rigo. Koma ndani angamvere nkhalamba zitatu ndi munthu wa kundende?"

Ananena zoona. Popanda chogwirika, Floridor akanakhalabe wakuba, ndipo Don Heriberto wokonda mbiri yathu. Ndikanena kumene chili, Herminda ataya nyumba. Ndikakhala chete, Floridor akwera galimoto.

"Cha Herminda chinali chotani? Chobiriwira, eti?"

"Chobiriwira. Chija mwamuna wake anachiboola m'munsi kuti mphaka azidutsa. Pano chili kuchigwa, n'zachidziwikire."

Bowo lozungulira, chakumapeto, lokwana mphaka. Kapena tako la ketulo.

Kumunsi malipenga anayamba kulira.

* * *

Ndinatsika masitepe amenewo ngati mtsikana, ndipo mawondo anga akundikumbutsabe. Pabwalo panali podzaza. Galimoto ya kukhoti inali itafika, itaima kuseri kwa lole, ndipo Sajeni Quilodrán ankadutsa ndi Floridor m'mbali mwa anthu. Ena anayang'ana kumbali. Mayi wina analavula.

Don Heriberto anali pa chokuzira mawu, dzanja lili pamtima.

"…ndipo ngakhale dzanja loipa latilanda chizindikiro chake, mzimu wa mayi wolimba ameneyu…"

"Bwana sajeni!" ndinakuwa. "Taimani naye pomwepo. Ndikusonyezeni chitseko."

Ndinapita patebulo la alendo, ndinapatsa mkulu wina ketulo kuti agwire, n'kukoka nsalu yonse. Makapu anagubuduka. Theka la tebulolo linali matabwa wamba. Theka linalo linali chitseko chobiriwira, chitagona pa migolo iwiri, nambala ya nyumba idakali pomwepo, ndi bowo la mphaka kumapeto.

Anthu a pa phiri amadziwa zitseko za anzawo ngati nkhope.

"Icho n'cha Herminda!"

"Chikutani pano?"

Malipenga analeka limodzilimodzi. Nkhalamba zimene zinaona makatapila zinayamba kuimirira, ndipo pa nkhope zawo panalibe funso.

"Rigo," ndinatero, "matabwa anachepa, eti?"

Rigo anayang'ana abwana ake. Abwana ake anamuyang'ana ngati akufuna kumumeza.

"Ndinakuuza kuti chiyani, galu iwe?" Anaiwala kuti chokuzira mawu chili pakamwa. Bwalo lonse linamva.

"Munati ndikaponye kuchigwa, bwana, ndikuvomera," Rigo anatero, manja ali m'mwamba. "Koma taonani thabwalo! Louma, lopanda chiswe. Ndinakulira pano ine. Mayi anga ankawongola misomali yakale ndi mwala. Nditaye thabwa lotere, tebulo likuperewera? Ndimati likatha phwando ndikapangire alumali. Munati m'nyumbamo simukhalanso munthu!"

Wina anaseka, kuseka kouma. Pa phiri lino makoma athu ndi a mabokosi a m'sitima, madenga ndi a migolo yophwanya. Don Heriberto anatigulira simenti ndi galasi, koma sanadziwe kuti munthu wobadwira pano ukhoza kumutuma kuba, osati kutaya thabwa.

Sajeni anamasula batani la pakhosi. "Don Heriberto, musapite patali. Aneba, nanga chabuluu chija?"

"Chili kuntchito," ndinatero. "Mukafuna kuchiona, mukwera."

Anayang'ana masitepe, n'kuusa moyo ngati munthu amene wauzidwa za maliro.

Tinakwera tonse. Amuna anayi ananyamula chobiriwiracho patsogolo, Rigo ali mmodzi wa iwo poti sajeni anati amene anachitsitsa achikweze. Oimba malipenga, posadziwa chochita, anatitsatira akuimba. Titatulukira ku Mchira tinapeza mayi woyendera nyumba, wa chipewa choyera cha ku khonsolo, amene anadzera kanjira ka kumanda, ataima pakhomo la Herminda. M'dzanja limodzi anali ndi mapepala ake, m'dzanja lina chitumbuwa cha maungu chimene anali ataluma kale. Anayang'ana chitseko, utsi, nkhalamba, kenako khamu lonse ndi malipenga ake.

"Anandiuza kuti kuno kuli bwinja," anatero.

"Mumamwa tiyi wa shuga?" anafunsa Doña Clorinda.

Palibe anaseka. Amene tinali akulu tinawadziwa mawu amenewo. Anthu onse anayang'ana chitseko chabuluucho. Bambo wina wa ku masitepe a kumadzulo anayandikira, n'kulowetsa chala m'bowo lina lakale, chapamwamba.

"Ili ndi lathu," anatero. "Ndinali wamng'ono. Ndinawagwirira nyali."

"Athu ndi awa," anatero wina.

Sajeni anafika pomaliza, akukoka Floridor kapena akukokedwa naye, sindikudziwa. Atapezanso mpweya anati, "Wodandaula ndi komiti. Komiti ikuti chiyani? Chinabedwa?"

Wapampando anali pansi pa phiri, wapolisi wa m'galimoto muja atamukhazika pa mpando umodzi wa alendo. Ena tonse tinali pomwepo.

"Makiyi amasunga ndine," ndinatero. "Palibe chabedwa m'holo. Chinthu chatengedwa ndi mwini wake kukagwira ntchito imene chimagwira. Olakwa ndife amene timafuna kuchitsekera m'galasi. Alipo akutsutsa?"

Mayi amene analavula uja anali woyamba kupukusa mutu.

Sajeni anatulutsa kakiyi. "Chobiriwirachi wina achibwezere, ndisanalembe. Ndani amatha?"

"Ndipatseni manja anga," anatero Floridor.

Maunyolo anagwera m'thumba la sajeni. Floridor anatsegula chitini cha mabisiketi, anasankha mahinjesi, n'kuyamba kupukusa choboolera. Sanayang'ane munthu. Atamaliza, chobiriwira chinali m'malo mwake, mphaka n'kudutsa pabowo lake ngati palibe chinachitika, ndipo chabuluu chinali chitatsamira khoma.

"Tichitsitsire ku chipilala?" anafunsa woimba lipenga wina.

"Kuholo," ndinatero. "Pafupi ndi khomo, ndi chitini chake. Ndipo kiyi wachiwiri akhala kumene ali."

Amuna angapo anabwera kuti athandize. Floridor anawakaniza ndi mutu. Anakulunga chingwe, anawerama, n'kuchikweza kumsana. Anadzandira kamodzi, anatukwana mawu amene sindingalembe, n'kuponda sitepe yoyamba.

Anthu anapatuka. Malipenga sanalire. Sajeni Quilodrán anavula chipewa, ndipo sindikhulupirira kuti chinali chifukwa cha thukuta. Tonse tinatsalira m'mbuyo, tikuona chitseko chabuluu chikutsika phiri ndi miyendo iwiri.

Doña Clorinda anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwino lija.

"Taona," anatero. "Akupendekera kumanzere. Ngati mayi ake."